Zovala za Wamoyo Sitigawana

Lachiwiri lapitali ndinali kwathu ku Nchema, kuthandiza mng'ono wanga Esinati kulongedza. Akupita ku Joni kukasaka ntchito ya m'nyumba. Thiransipota, bambo wowolotsa anthu malire uja, anamuuza mosapsatira kuti atenge kachikwama kamodzi basi, aoneke ngati wokacheza, osati wosamuka.

Tinayala mphasa pakhonde, dzuwa likuswa mtengo, n'kuyamba kusankha. Madiresi opepuka, zitenje ziwiri, siketi yakuda, patapata. Juzi inakana kulowa. "Kumenekonso panopa n'kotentha," anatero Esinati, ngati kuti nyengo yozizira sidzafika.

Zotsala zinali mulu. Iye, ndi mtima wake wabwino uja, anayamba kuitana. "Achemwali, diresi lobiriwirali tengani. Alamu, bulauzi iyi ikukwanani."

Amayi anatulukira kuchokera kuseri kwa nyumba. Sindinawaonepo atakwiya chotero.

"Mukutani apa? Wamwalira ndani?"

Analoza mulu wa zovala uja.

"Zovala za munthu wamoyo sitigawana. Bweretsani kuno msanga!"

Owerenga, mukudziwa kuti kwathu kuno zovala zimagawidwa maliro akatha. Chimene simukudziwa n'chakuti pansi pa bedi la amayi pali kale sutikesi ya achimwene athu a Lusiyasi. Nawonso ananyamuka kupita ku Joni m'chilimwe ndi kachikwama kamodzi. Poyamba ankaimba foni, kenako mwa apo ndi apo, kenako nambala inasiya kupezeka. Chaka ndi chaka amayi amatulutsa malaya awo, kuwayanika padzuwa kuopa njenjete, n'kuwapindanso. Wina akangoti buluku lawo lingamukwane mdzukulu, amangotseka sutikesiyo. Kwa iwo, kugawa ndiko kuvomera kuti mwana wawo anamwalira.

Kodi ndi nyumba zingati m'Chiradzulu muno zili ndi sutikesi yotere?

Zimandikwiyitsa kuti tazolowera. Munda ndi kachigamba, feteleza sagwirika, ntchito kulibe, ndiye timaperekeza ana athu ngati akupita kumsika. Timanyadira amene abwera ndi firiji pangolo ya thiransipota. Timalira amene abwera m'bokosi pangolo yomweyo. Nanga amene sabwera n'komwe? Amenewo alibe manda, alibe mwambo wa kutchalitchi, ndipo palibe amene amabwera kudzapepesa mayi wawo. Akuluakulu oimirira pansanja nawo sawatchula, poti munthu wosowa savota.

Sindikumunena Esinati. Ali ndi mwana wofunika sukulu, ndipo ine ndinalibe china chomulonjeza. Koma ndikuopa, ndipo sindibisa.

Kutacha ndinamuperekeza ku Boma. Anakwera minibasi ya ku Limbe, kachikwama kali pamiyendo, kopepuka moti kondakitala sanakayang'ane n'komwe.

Nditabwerera ndinapeza amayi atagwada kuchipinda. Zovala za Esinati anali atazipinda bwinobwino m'sutikesi ina, diresi lobiriwira lija lili pamwamba. Ankalimbana ndi sutikesi ya achimwene, kuikankhira kukhoma kuti papezeke malo.

"Tagwira uko, mwanawe," anatero osandiyang'ana.

Ndinagwira. Zinakwana zonse ziwiri, ndipo malo a yachitatu anatsala.