Timitengo ta Ulimba wa Agogo a Zuze

Phula likamasungunuka pamoto, kulikonse kumene ndili, ndimawaona agogo a Zuze ali pansi pa msawu kwathu kufupi ndi Chiromo, atavula malaya chifukwa cha kutentha kwa m'chigwa, akumata zikho za ulimba wawo, uku utsi wa milamba imene amayi ankawamba kuseri kwa nyumba ukudutsa pabwalo n'kumatiliza misozi. Ulimbawo unali wautali kuposa mphasa, matabwa a mlombwa oyalidwa kuyambira aakulu olira mobangula mpaka ting'onoting'ono tamawu akuthwa, ndipo pansi pa thabwa lililonse pankalendewera chikho chakabowo. Pakabowopo ankamatapo kansalu koyera kamene kangaude amakutiramo mazira ake, kuti mawu azinjenjemera. Ntchito yosaka tinsalu timeneti m'madenga a anthu inali yanga, ndipo mavu anandidziwa bwino chifukwa cha iyo.

Agogo anali bambo a bambo anga. Nyimbo zawo zinali zamakedzana, zopanda mawu oimba pakamwa, zimene ankati zinakwera mtsinje pabwato kuchokera ku Zambezi makolo awo asanabadwe. Iliyonse inali ndi dzina, koma dzinalo sankalitchula wamba. Ankati chopatsidwa ulele mwana amachisiya panjira. Ndiye anali ndi kamasewera kawo. Dzuwa likapendeka ankatiitana awiri, ine ndi Dominiko, mwana wa bambo anga aakulu, n'kuyamba kutifotokozera nyimbo osakhudza thabwa ngakhale limodzi.

"Iyi imayambira kumatabwa aakulu, pang'onopang'ono, ngati chinthu cholemera chikuvuuka m'madzi. Ovina amabwerera chafutambuyo. Asodzi saikonda. Longa, tanena, ndi nyimbo yanji?"

Dominiko ankayang'ana m'mwamba ngati yankho lapachikidwa munthambi. Ine m'mutu mwanga nyimboyo inkakhala itayamba kale kulira, poti ndinkaimva agogo akamayeserera ndi anzawo awiri amene ankaliza nawo ulimbawo.

"Mvuu Padooko!"

"Pyadidi, walasa, Esinati," ankatero agogo, n'kupisa dzanja m'thumba kundipatsa masawu ouma.

Mphotho yanga inali imeneyo, masawu. Koma Dominiko akalasa, zimene zinkachitika mwa apo ndi apo ngati mvula ya mu Okutobala, ankamupatsa timitengo tiwiri tokulungidwa mphira kumutu, n'kumugwira manja kumuonetsa pomenya. Mnyamatayo ankamenya ngati akupha njoka, maso ali kumsewu kumene anzake ankathamangitsa mpira. Ine ndinkatafuna masawu anga mtima ukuwawa, zala zikuyenda zokha pantchafu.

Tsiku lina nditalasa nyimbo zonse, ndinabisa manja kumbuyo.

"Agogo, masawu andikola. Lero ndikufuna timitengo."

Anaseka mpaka kutsokomola. "Nkhabe, sizingatheke, mama. Ulimba umachezera pamaliro ndi pamowa, pakati pa amuna okhaokha. Ndiponso iwe mawa lino ukwatiwa, nyimbo zanga ukazitula kumtundu wa eni ake. Dominiko ndiye wapakhomo."

Sananene mwaukali ayi, ndipo n'chimene chinandipweteka kwambiri. Kwa iwo nkhaniyo inali yodziwikiratu ngati kuti madzi a Shire amalowera kumunsi. Ndinawanyanyala, ndinasiya kuwasakira tinsalu ta kangaude, ndikamawapatsa madzi akumwa ndinkayang'ana kumbali. Koma mkwiyo wanga sunakhalitse. Nditangomva tsiku lina akufunsa Dominiko za nyimbo imene mkamwini amanyadira akakolola mapira, yankho linandipulumuka pakamwa ndili kumtondo, ndipo ndinabwerera pamphasa paja ndekha.

Wapakhomo ujatu ndiye anayamba kuchoka. Dominiko atangomera ndevu anapeza njinga, n'kupita ku Bangula kukapalasa kabaza. Potsanzika anawauza agogo kuti mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Sindimuda nazo, iye ulimba sanaupemphepo. Mwa anzawo awiri a agogo, mmodzi anamwalira, wina anasamukira kumtunda madzi osefukira atamugwetsera nyumba. Inenso ndinakwatiwa monga ananenera, n'kuyamba kugulitsa nsomba pamsika wa ku Bangula komweko.

Ndinali ndi ana awiri pamene amayi anatumiza uthenga wakuti agogo akundifuna. Ndinafika m'mawa, ndinawapeza atauza anyamata kuti atulutse ulimba pabwalo. Zikho zina zinali zitang'aluka, matabwa atachita fumbi. Iwo anali ataonda, manja akunjenjemera osalekeza ngati bango la m'madzi othamanga.

"Khala apa, mama," anatero. "Yatsala imodzi."

Ndinakhala pamphasa, nsalu yanga ikununkha nsomba.

"Iyi sunaimvepo. Ine ndinailiza kamodzi kokha, ndili mnyamata, misozi ikugwera pamatabwa. Sailiza anthu atatu, amailiza mmodzi. Mwini wake amakhala ali pomwepo, koma saimva. Longa."

Yankho ndinalidziwa.

"Agogo, imeneyo ndi yoperekezera mmisiri wa ulimba kumanda. Amailiza ndi amene iye anamuphunzitsa."

"Pyadidi. Dzina lake Mperekezi." Anapisa dzanja pansi pa mphasa, n'kutulutsa timitengo tija, mphira wake atauma n'kuchita ming'alu. "Tenga. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo. Ine ndinasunga wapachala."

Ndinatilandira ndi manja awiri, ndili mayi wa ana, zaka zonse zija zitadutsa. Ndinkaganiza kuti ndisangalala, koma ndinangomva chisoni ndi kaukali pang'ono. Anandigwira dzanja monga ankachitira ndi Dominiko, n'kulitsogolera kumatabwa aakulu. Chiyambi chinatuluka bwino, chozama, choyenda ngati anthu onyamula katundu wolemera. Tinabwereza mpaka chinakhazikika. Koma pofika pamene dzanja lamanja limayenera kukwera kumatabwa ang'onoang'ono, manja awo anakana. Ankalozera thabwa ili, chala n'kugwera pa lina. Anayesa kuing'ung'udza, mpweya unawathera. Anayesanso, anakwiya, anadzimenya pabondo.

"Ili m'mutumu yonse," anatero akulira. "Yonse ilimo, mama, koma yasowa khomo."

Ndinakhala kumudzi masiku angapo, m'mawa uliwonse tikuyesa, koma sitinapitirirepo pamenepo. Anamwalira mvula yoyamba itangogwa. Pamaliro anthu a kutchalitchi anaimba bwino ndithu, ndipo Dominiko ananyamula nawo bokosi akulira ngati mwana. Pamene ankatulutsa maliro m'nyumba, ndinapempha kuti ulimba auike pabwalo. Azibambo ena anang'ung'udza, koma panalibe mwamuna woti andilande timitengo. Ndinagwada, ndinaliza chiyambi chija, ndipo pofika pamene agogo analekezera ndinabwereranso poyamba. Ndinazungulira chomwecho mpaka bokosi linazimiririka kunjira ya kumanda. Amayi ena okalamba anandiuza pambuyo pake kuti ndinaliza mokoma. Sanadziwe kuti agogo ndinangowatulutsa pakhomo, sindinawafikitse.

Nyimbo zawo zina zonse ndimazidziwa mpaka lero, maina ake ndi mayendedwe ake, koma manja anga saziliza. Imene manja anga amaidziwa ndi yodukayo. Pamsika makasitomala akachepa ndimapezeka ndikuigogoda ndi zala pathebulo la nsomba, ndipo mwana wanga wamkazi, amene ali ndi khutu lakuthwa kuposa langa, anaigwira kalekale. Tsiku lina anandifunsa kuti, "Amayi, nanga ikafika pamenepo imapita kuti?" Ndinamuuza zoona, kuti amene ankadziwa anachedwa kundiuza.