Helikopita ya m'Belo la Kaunjika

Chaka chimene mwana wanga womaliza anapita ku Nampula kukaphunzira za magetsi, ndinatsala ndekha m'nyumba yathu ya ku Entre Lagos, kumalire ndi Malawi. Mwamuna wanga anali atamwalira kale, ndipo mwana wamkazi anali atakwatiwa ku Cuamba. Ndinkaphika m'kapoto kakang'ono, chakudya n'kumatsalabe. Masiku ena ndinkazindikira dzuwa litapendeka kuti kuyambira m'mawa sindinalankhule ndi munthu, kupatula kukalipira nkhuku.

Ntchito yanga ndi yogulitsa zovala za kaunjika, zimene kuno timati kalamidade. Ndimagula belo, kulitsegulira kunyumba, kupatula zabwino ndi zong'ambika, kenako n'kukayala pafupi ndi siteshoni. Tsiku la sitima kumakhala anthu. Koma nthawi ya mvula anthu amakhala kuminda, matumba ali mbee, ndipo zovala zimangoyamba kununkha chinyontho. Ndiye masana ambiri ndinkakhala pakhomo.

M'nyengo imeneyo ndi mmene ndinapeza kabokosi kaja. Kanali m'kati mwa jekete lokhuthala, kokulungidwa ndi manja a jeketelo ngati wina anachita dala, makona ake ataphwanyika ndi kupanikizidwa kwa belo. Pamwamba panali chithunzi cha helikopita yobiriwira ikuuluka pamwamba pa mitengo. Ndinaganiza kuti ndi chidole, ndikagulitsa. Nditatsegula ndinakhumudwa. Munalibe helikopita, koma tizidutswa ta pulasitiki totuwa, tambirimbiri, tolumikizidwa ku timafelemu ngati nthanga pa khoko. Munalinso pepala lopindapinda la zithunzi ndi manambala, mawu ake a chilankhulo chosadziwika kwa ine, ndi kapepala kena konyezimira ka zilembo ndi timizere tofiira.

Ndinakaponya pamwamba pa kabati. Kanakhala pamenepo mpaka tsiku lina mvula itagwa kuyambira m'mawa osakata. Ndinali nditasesa, nditachapa, nditasankha nyemba zimene sizinkafunika kusankha. Ndinakatsitsa, n'kukhala pampando pafupi ndi chitseko pamene pamawala, n'kutambasula pepala lija pa thebulo.

Zithunzizo zinkamveka popanda mawu. Kadutswa kalikonse kanali ndi nambala yake pafelemu, ndipo muvi unkasonyeza pamene kakalowe. Ndinatenga lezala latsopano n'kuyamba kudula. Koyamba ndinadula mwaukali ngati ndikudula ulusi, kampando kena n'kung'aluka mwendo. Ndinaphunzira kudula patali pang'ono, kenako n'kupala kotsalako pang'onopang'ono. Posalaza ndinkagwiritsa ntchito mbali yokhakhala ya bokosi la machesi. Tizidutswa tina tinali tochepa kuposa mpunga, moti zala zanga zozolowera kumasula mfundo za belo zinkalephera kutitola. Ndinakumbukira kachitsulo kozulira nsidze kamene mwana wanga wamkazi anasiya m'dilowa, ndipo kanandithandiza kwambiri.

Guluu ndinakagula kwa mnyamata wogulitsa zipangizo za njinga, uja wa m'kachubu amene timamatira nsapato. Anandifunsa kuti, "Amayi, nsapato zathyoka?"

Ndinangoti, "Eya, zathyoka." Ndinaona kuti ndikanena zoona andiseka, mayi wamkulu ngati ine kumaseweretsa zidole.

Ndinayambira m'kati, monga pepala linkanenera. Pansi, mipando iwiri, timitengo towongolera, kabolodi kodzaza ndi timawotchi tozokotedwa. Kenako tianthu tiwiri tokhala pansi, tovala zipewa zolimba, manja ali pa mawondo. Ndinatiika pachikhatho n'kutiyang'ana nthawi yaitali, chifukwa m'moyo wanga wonse ndinali ndisanaganizepo kuti m'kati mwa helikopita mumakhala mipando.

Ndili mwana, nthawi ya nkhondo, tinathawa kumudzi kwathu kufupi ndi nyanja ya Chiuta kulowera ku Malawi. Ndinali wamng'ono, ndipo zambiri za ulendowo sindizikumbukira. Chimene chinatsala m'mutu ndi chimodzi: tili m'bango m'mphepete mwa nyanja, amayi atandipanikiza nkhope m'matope ndi dzanja lawo, ndipo kumwamba kukumveka phaphaphapha, mpaka m'mimba. Sindinaione. Kwa ine helikopita inali phokoso ndi fungo la matope. Tsopano inali pa thebulo langa, yotseguka pakati ngati nsomba yong'amba, ine ndikusankha poika mpando.

Penti ndinalibe. Tianthu tija ndinatipaka ndi penti wa zikhadabo, ndipo kena kanatuluka ndi chipewa chofiira ngati mkazi wopita ku ukwati. Za timawotchi ndinasongola kamtengo ka machesi, n'kumadontheza penti woyera kadontho kamodzikamodzi, mpweya nditaugwira. Wobiriwira wa kunja ndinapempha kwa kalipentala wina amene ankapenta mawindo a sukulu. Anandithirira m'kachitsekero ka botolo, ine n'kumusungunula ndi parafini pang'ono. Burashi ndinapanga ndi nthenga ya nkhuku. Ulendo woyamba ndinapaka wambiri, mizere yonse yozokotedwa pathupi pake n'kukwiririka. Ndinapukuta, n'kudikira, n'kupakanso wopyapyala.

Chimene chinandipweteka ndi galasi la kutsogolo. Linali loyera ngati madzi, ndipo kudzera m'menemo mipando ndi timawotchi tanga tinkaoneka bwinobwino. Nditalimata ndi guluu uja, m'mawa mwake ndinapeza lachita chifunga choyera mbali imodzi, kuchokera m'kati. Ndinayesa malovu, mafuta ophikira, sopo. Silinabwerere. Ndinakhala pansi n'kulira, ndikudziwa kuti sindikulirira galasi lokha. Ndinajambula pa foni n'kutumizira mwana wanga wa ku Nampula. Anayankha mawa lake kuti, "Amayi, ndiye mwayamba zoseweretsa? Ndili ndi mayeso, ndiimba Lamlungu." Lamlungu anaimbadi, koma za helikopita sanafunse, ndipo ine sindinayambitse.

Ndinali nditalumikiza mchira ndi miyendo, mapiko aatali a pamwamba atatsala, pamene achemwali anga aakulu anabwera kuchokera ku Chiuta. Iwo anabwerera kumudzi titangochoka ku Malawi, ndipo amakhala komweko, akulima mpunga. Anabwera kudzagula feteleza, atanyamula usipa wouma wondipatsa. Ndinasangalala ngati mwana. Ndinawalandira katundu, n'kuwapatsa madzi, ndipo asanapume n'komwe ndinati, "Achemwali, bwerani muone chimene ndikupanga."

Anaima pafupi ndi thebulo. Sanaigwire. Anaiyang'ana, kenako anayang'ana ine.

"Ichi wachitenga kuti?"

"M'belo. Chinali tizidutswa, ndalumikiza ndekha. Onani m'katimu, muli mipando."

"Chivundikire."

Ndinaseka, poganiza kuti akunena za fumbi. Koma nkhope yawo inali itauma. Ndinatenga chitenje n'kuivundikira. Anatuluka n'kukakhala pakhonde, ine n'kuwatsatira.

Nditakhala pambali pawo anati, "Iwe unali mwana, amayi anakubisa nkhope. Ine palibe anandibisa. Ndinaiona ikubwera motsika chonchi, chitseko chili chotsegula, munthu atakhala pakhomo miyendo ili lendee ngati ali pa ngolo. Inatidutsa n'kupita kumudzi."

"Ndimakumbukira phokoso lake," ndinatero.

"Abambo anali atabwerera kumudzi m'mawa womwewo kukatenga mbuzi. Anati tiwadikire m'bango muja. Tinadikira mpaka mawa lake."

Ndinkadziwa kuti abambo anafera m'nkhondo. Ndinkadziwanso za bango lija. Koma palibe anandiuzapo kuti linali tsiku limodzi, ndipo ine sindinafunsepo. Amayi mpaka kumwalira kwawo ankangoti abambo ako anatsala.

Ndinati, "Pepani achemwali, sindinkadziwa."

"Ukanadziwa bwanji? Sitinakuuze."

Anali atanena kuti agona masiku angapo, koma m'mawa mwake anagula feteleza wawo, kumumanga pa njinga ya kabaza n'kunyamuka. Anati mbalame zikuwathera mpunga.

Chitenje chija sindinachivundukule kwa nthawi yaitali. Ndinkadyera pakhonde kuti ndisakhale pa thebulo. Ndinaganizapo zokaponya chinthucho m'chimbudzi, ndipo tsiku lina ndinachinyamula mpaka pakhomo, koma ndinabwerera nacho. Ndinali nditathera masana ambiri pa icho, ndipo masana amenewo ndi okhawo m'chaka chimenecho amene ankatha ndisanawawerenge ndi maso pa mthunzi wa mpanda.

Mvula itatha ndinapita ku Chiuta. Msewu unali woipa, ndinafika msana ukuwawa. Ndinawapeza achemwali akupuntha mpunga, ndinatenga ndodo n'kuwathandiza. Za helikopita sitinatchule. Koma madzulo ake, tikupeta, anayamba okha kunena za abambo. Anati anali wamanzere. Anati sankadya therere, ndipo ankakonda kusema timabwato tating'ono ta mtengo wofewa, n'kumapatsa ana a eni ake pamene ife tikuyang'ana. Anati mphumi yanga ndi yawo. Ndinali ndi zidzukulu kale, koma aka kanali koyamba kumva kuti abambo anga anali munthu wotani. Ndinafunsa mafunso ambiri, pa ena anayankha, pa ena anangopukusa mutu.

Pondiperekeza anandifunsa mosandiyang'ana kuti, "Chija unachitaya?"

"Ayi."

"Ndi chako. Koma ndikabwera usandionetse."

Nditabwerera ndinasamutsira zonse kuchipinda kwanga, kumene alendo salowa, n'kumalizira pa zenera. Phiko limodzi linali litapindika m'belo, ndinaliviika m'madzi otentha n'kuliwongola ndi zala. Zilembo za pa kapepala konyezimira zinafuna kuviika m'madzi, n'kuzitsetsereza ndi chala kuti zikhale pamalo pake. Zinali zakale, ndipo zambiri zinasweka ndisanazifikitse. Zinatsala za mbali imodzi ndi kamzere kofiira ka kumchira. Nditaika mapiko ndinawauzira mpweya, anazungulira pang'ono n'kuima.

Ndinaiika pamwamba pa sutikesi, mbali ya galasi lachifunga italoza kukhoma. Ndinasonkhanitsa timafelemu topanda kanthu, nthenga ndi kachitsekero ka penti wouma, n'kukataya kudzala. Kenako ndinasamba m'manja, n'kukhala pampando uja wa pachitseko. Dzuwa linali likadali pamwamba, ndipo sitima sinali yoti ibwera tsiku limenelo.