Bango Loyezera Mlongo Wanga

Linali bango wamba, lodulidwa kudambo la kuseri kwa sukulu yathu, kutalika kwake kuposa pang'ono mkono wanga wa lero kuchokera pachigongono mpaka kunsonga ya chala. Aphunzitsi anali ndi rula imodzi yokha, yachikasu, ya manambala akuda, ndipo sankalola kuti tiigwire ndi manja athu omata mango. Ndiye anatituma tonse kukadula mabango. Tinkafika patebulo pawo mmodzimmodzi, iwo n'kugoneka bango pambali pa rula, n'kumatema ndi kampeni: apa inchi, apa inchi. Timizera ting'onoting'ono ta pakati tija sanatiteme. Anati bango lingang'ambike, komanso tinalipo ana ambiri, dzuwa likanatilowera.

Ndikulemba izi mwana wanga ali pamiyendo. Wagona. Akutsekula m'mimba, mkaka akungoubweza, ndipo ndikalemba mizere iwiri ndikumaima n'kuika khutu pamphuno pake. Bambo ake apita kukabwereka njinga kuti tipite kuchipatala. Akuchedwa, kaya n'chiyani. Ndikapanda kugwira pensulo manja anga akumangopita m'chiuno mwa mwanayu, ndiye bola ndilembe.

Zaka zimene ndinali nazo dzinja limenelo sindikuzidziwa bwino. Ndinali nditayamba kusenza mtsuko waukulu osakhavula madzi. Tinkakhala chakumunsi kwa Utale, tsidya lina la mtsinje wa Rivirivi, kumene dothi lake lakuda limamata kuphazi mpaka kumayenda ngati wavala nsapato za asilikali. Bambo anali kuntchito ku Halale, kunja kwa dziko lino, chaka chachiwiri chikuyamba. Pakhomo tinali atatu: mayi, ine, ndi mlongo wanga wamng'ono, kamnyamata kamene kanali katangoyamba kuimirira kogwira chitseko. Nkhokwe inali itatsala pansi penipeni. Mango anali atatha, chimanga chisanamasule, ndipo tinkadya phala la madeya ndi nkhwani zopanda nsinjiro.

Kusukulu, mwezi umenewo, tinkaphunzira kuyeza zinthu zozungulira. Bango silipindika, ndiye tinkang'amba mlaza, n'kuuzunguliza pa chinthucho, n'kutsina ndi chikhadabo pamene wakumana, kenako n'kuugoneka pa bango. Tinayeza maungu, mtengo wopachikapo chitsulo chimene chinali belu lathu, mpaka mitu ya anzathu, kuseka amene wapezeka ndi mutu waukulu. Koma chikhadabo sichinkagwera pamzera. Nthawi zonse chinkagwera penapake pakati, ife n'kumakuwa kuti, “Aphunzitsi, chagwera pakati!” Iwo ankayankha mawu omwewo mpaka tinawasandutsa nyimbo: “Onani mzera umene uli pafupi. Chosafika theka, tayani. Chafika theka, kwezani.”

Ndisawanamizire aphunzitsi aja, sanalekere pomwepo iyayi. Anatiuza kuti nambala ili ngati mfunda. Kuyambira fifitini ndi theka mpaka kutsala pang'ono kufika sikisitini ndi theka, onsewo amaitanidwa kuti Sikisitini, monga mmene a Phiri aatali ndi a Phiri aafupi amavomerera dzina limodzi. Anatinso muyeso uliwonse uli ndi pamene maso ake amalekezera. Ndikuwakumbukira akunena zimenezo, choko chili pamlomo. Koma ife tinali ndi njala, ndipo mwana wanjala amatola zoimbika zokha.

Mlongo wanga anali ndi mkuzi m'chiuno, kachingwe kamene mayi anapota okha ndi thonje la m'munda mwathu, kali ndi mikanda itatu yoyera. Amayi onse kwathu amadziwa ntchito yake. Mwana akamakula bwino mkuzi umathina, umasiya mzera pakhungu, mpaka uumasule n'kuumanganso motakasa. Akamaonda, umayamba kugwedera n'kumatsika. Pomusambitsa, mayi ankalowetsa chala pansi pa mkuziwo. Miyezi ya m'mbuyomo chala chinkachita kukanika, iwo n'kumamumenya pathako mwachikondi kuti, “Iwe ukundimaliza, iwe.”

Tsiku loyamba ndinamuyeza mongosewera. Anali atangodzuka kumene kumalungo, m'mimba musanakhazikike. Ndinamuzunguliza mlaza iye akuseka chifukwa unkamugirigisha, akufuna kuudya. Chikhadabo chinagwera kupitirira mzera wa sikisitini, kutsala pang'ono kufika pakati, koma osafika. Ndinataya chotsalacho monga mwa nyimbo. “Sikisitini, amayi!” Mayi anaseka, anati kodi ndiye kuti chiyani, ndi zambiri kapena zochepa? Ndinati ndi zambiri. Ndinalibe chofanizira, ndinangokonda kulemera kwa liwulo pakamwa.

M'mimba muja simunasiye. Mayi anamutengera kuchipatala cha amishoni, kutsidya, mtsinje usanadzaze, ndipo anabwerako ndi kabotolo ka mankhwala oyera ngati laimu. Asisitere a kuchipatalako anawauza kuti mwana akapanda kusintha abwererenso. Kabotolo kanatha, mvula n'kutsakamuka, Rivirivi n'kusefukira mpaka kumanyamula mitengo yathunthu ndi mbuzi zakufa. Mkokomo wake tinkaumva tili m'nyumba. Mkaka wa mayi nawo unachepa. Mwana ankayamwa, n'kulekeza, n'kuyang'ana mayi kumaso, n'kuyambiranso.

Ndi m'masiku amenewo pamene mayi anayamba kundiitana m'mawa uliwonse, iwo asanatenge khasu, ine ndisanathamangire belu. “Tabwera umuyeze mlongo wako.” Ndinkabwera. Fungo lake ndikulimvabe, la mkaka wosasa ndi utsi wa nkhuni zonyowa. Khungu la pamimba pake linkatentha ngati mwala wa padzuwa. Anasiya kuseka ndikamuzunguliza mlaza. Ankangonditsata ndi maso, maso amene ankaoneka kukula tsiku ndi tsiku.

“Zingati?”

“Sikisitini, amayi.”

“Monga dzulo?”

“Monga dzulo.”

Akamva choncho ankausa moyo, n'kumubereka, n'kutenga khasu kupita kukabandira.

Sindinkanama. Ichi ndachitembenuza m'mutu zaka zonsezi, ndipo sindinaname ngakhale tsiku limodzi. Chikhadabo ndinkachiona kuti chikusuntha. Chinachoka kuja chinali, chinabwerera pang'onopang'ono mpaka chinafika pamzera penipeni, n'kuudutsa, n'kuyamba kulowera cha ku fifitini. Koma mzera wapafupi unali womwewo. Poyamba ndinkataya kuti ndipeze sikisitini, kenako ndinkakweza kuti ndipeze sikisitini yemweyo. Ndinkaganiza kuti nzeru za kusukulu ndi zimenezo, kusavutika ndi tinthu ting'onoting'ono. Inchi yathunthu ya thupi la mwana inatha ali ndi dzina limodzi. Inu, inchi pa dzungu si kanthu. Koma taikani chala chachikulu pachiuno cha khanda muone mmene chikudyera malo.

Panalinso china chimene ndinkangochimva pamwamba. Kwathu mwana akamaonda mosadziwika bwino, anthu amati watsemphedwa, kutanthauza kuti mmodzi mwa makolo ake wagona kunja kwa ukwati. Bambo anali kutali, kosafunsika. Wotsala pafupi anali mayi. Kuchitsime azimayi ankasuzumira kumbuyo kwawo, wina n'kukoka nsalu kuti aone nkhope ya mwana, n'kunena motafuna mawu kuti, “Koma mwanayu, anzathu, timiyendoti...” Mayi ankayankha mwamsanga, osatembenuka: “Mwana wa sukulu akumuyeza tsiku ndi tsiku. Akuti sanasinthe.” Azimayiwo ankandiyang'ana, ine n'kugwedeza mutu mwamphamvu, mtsuko uli pamutu pomwepo. Palibe mwa iwo amene ankadziwa inchi, ndiye nkhani inkathera pomwepo.

Amalume, mlongo wawo wa mayi, ankakhala mudzi wina kuchikamwini, ndipo ankabwera mwa apo ndi apo kudzationa. Anali munthu wanthabwala, wa mano otalikirana, wonunkha fodya wa labu. Akamalowa pabwalo ankayamba ndi ine: “Adokotala athu, lero mukuti bwanji?” Ndikati sikisitini, iwo ankaomba m'manja. “Mwamva, mlongo? Musamangodzidya mtima. Madzi akaphwera tidzapita nonse kwa asisitere.” Sindiwaimba mlandu. Mtsinje uja unali utatenga kale munthu wamkulu chaka chomwecho, ndipo iwo ndi amene akanayankha mbumba yawo ikanapita ndi madzi. Nawonso ankafuna mawu oti agwirepo.

M'mawa wina kunja kunacha ndi nkhungu, ngumbi zothothoka mapiko zili mbwee pakhomo. Ndinazunguliza mlaza, ndinatsina, ndinagoneka pa bango. Chikhadabo chinali chitadutsa pakati. Ndinayang'ana kawiri. Mzera wapafupi tsopano unali wina.

“Fifitini, amayi.”

“Yezanso.”

Ndinayezanso.

“Wakoka kwambiri mlazawo. Usamuthine mwana. Yezanso.”

Ndinaulekerera mpaka unkachita kugwedera, koma sizinathandize. Ndinanenanso fifitini, chapansipansi, ngati ndaswa mbale. Mayi anakhala pansi pakhonde, miyendo atatambasula, mwana ali pachifuwa. Liwombo lake linali litalowa moti mukanathiramo madzi akanakhazikika. Mayi sanalire. Anayang'ana khasu limene linali litatsamira khoma kwa kanthawi, kenako anati, “Thamanga ukaitane amalume ako. Uwauze kuti lero ndiwoloka, kaya abwera kaya sabwera.”

Anawoloka. Ndinaima pagombe ndi azimayi ena, ndikuona amalume ndi amuna awiri atagwirana manja, madzi ali m'chifuwa, mayi ali pakati pawo, mwana atamunyamula pamutu m'lichero ngati ufa. Madzi anali ofiira, akununkha matope. Atafika tsidya mayi sanacheuke. Anamubereka ndi nsalu yonyowa n'kuyamba kuyenda mothamanga, amalume akuwatsatira m'mbuyo.

Anabwerako mawa lake masana. Ndinali ndikutola bowa kumbuyo kwa nyumba pamene ndinamva mawu a mayi kuchokera kunjira ya kumtsinje, mawu amene ndinali ndisanawamvepo, aatali, osaduka. Amene ananyamula mwana anali amalume, m'manja, atamukulunga yense mpaka kumutu.

Maliro atatha ndinadikira kuti wina andifunse. Ndinkati mwina mayi andiitanira kuseri, kapena amalume anena kuti adokotala aja ali kuti. Palibe anandifunsa. Amalume sanandiitanenso ndi dzina lija, basi. Mayi ankandigawira chakudya chochuluka kuposa chawo, ndipo chimanga chitacha anandiotchera choyamba.

Nditabwerera kusukulu ndinapeza anzanga apita patsogolo, akuphunzira kuyandikiza manambala ku makumi: fote-thu akhale fote, fote-seveni akhale fifite. Nyimbo inali yomwe ija. Ine pakamwa panakana kuimba. Ndinakweza mkono, chinthu chimene sindinkachita, n'kufunsa kuti, “Aphunzitsi, zimene timataya zija zimapita kuti?” Kalasi yonse inaseka, wina kumbuyo anati zimadyedwa ndi nkhuku. Aphunzitsi sanaseke. Ndi iwo amene anatsogolera mapemphero kumanda, ndiye ankadziwa kumene ndachokera. Anaika choko pansi. “Sizipita kulikonse, mwana wanga. Zilipo ndithu. Ife ndi amene tasiya kuzitchula.” Atatero anatiuza kuti titulutse masileti.

Yankho limenelo ndinalimva, ndipo linandikwana pa za masamu. Chimene sindinachimvetse chinali china, ndipo ndinachinyamula osadziwa kuti ndanyamula. Masiku onse aja ndinkawaona mayi pomusambitsa mwana. Ndinaona chala chimodzi chikulowa pansi pa mkuzi mosavuta. Ndinaona ziwiri. Ndinaona zitatu zikulowa n'kutembenuka. Tsiku lina ndinawapeza kuseri kwa nkhokwe akumasula mfundo ndi mano, n'kuimanganso mofupikitsa, chotsala n'kuchibisa pansi pa mikanda kuti a kuchitsime asaone. Anachita zimenezo kawiri ine ndikuona. Zala zawo zinkaona bwino kuposa muyeso wanga, ndipo zinkawauza zoona m'mawa uliwonse ine ndisanadzuke n'komwe.

Sabata ino ndadzigwira ndekha. Pafupi nafe pali mayi wachikulire amene walera ana ambiri, woti akangomunyamula mwana amadziwa kulemera kwake. Sindinapite naye kwa iwo. Ndakhala ndikufunsa bambo ake, munthu woti amamuona mwana madzulo okha atatopa: “Kodi mukuona ngati waonda?” Iwo n'kumati, “Iyayi, ali chimodzimodzi.” Ndipo ndikamva choncho ndimatha kutunga madzi, kusinja, kuphika. Lero m'mawa ndi pamene ndinadzimva mawu anga pofunsa, ndipo anali mawu a mayi. N'chifukwa chake ndawatuma kukabwereka njinga, ngakhale iwo amati tidikire Lolemba.

Mayi anali ndi munda wofuna kubandira, mtsinje wosawolokeka, mwamuna wosafunsika, ndi mudzi wodikira kuwaloza chala. Pa anthu onse anasankha kufunsa mmodzi yekha amene muyeso wake sunkaona zazing'ono, kuti apeze mphamvu zofikira madzulo. Ine sindikanatha kudziwa zimenezo. Akandiitana ndinkasiya phala n'kuthamanga, ndikudzimva kukula, poganiza kuti mayi akufuna kudziwa.