Waya Wowola wa Pikapu ya Amalume

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene amayi anamwalira. Amalume anga, a Fulansisko, ananditenga kumudzi ku Phalombe kuti ndizikakhala nawo ku Chinyonga. Anali ndi pikapu yakale yoyera imene ankanyamulira katundu wa anthu mumsika wa Limbe, ndipo banja lonse linkadalira galimoto imeneyo.

Ndisanathe miyezi iwiri pakhomopo, galimoto inayamba kuvuta. M'mawa akapotokola kiyi inkangoti tyetyetye, osalira. Masiku ena nyali zinkazilala zokha, hutala n'kumamveka ngati mbuzi yodwala. Anagula batire yatsopano, koma patatha sabata vuto linabwerera. Anasintha sitata, chimodzimodzi. Ine ndi asuweni anga tinkaikankha pamtsetse tisanapite kusukulu.

Akazi awo a amalume, amene ndinkawatchula kuti anti, ndiwo anayambitsa nkhani. "Galimotoyi yayenda zaka zonsezi osavuta. Wangobwera mwanayu, yayamba misala." Poyamba ankanena chapansipansi. Kenako anandipatulira mbale ndi kapu yangayanga, n'kuletsa ana awo kugona nane mphasa imodzi.

Loweruka lina masana anti anabwera ndi mneneri wovala suti yonyezimira. Mneneriyo anazungulira galimoto katatu, kenako n'kundigwira pamutu ndi dzanja la thukuta.

"Mwanayu amaikwera inu muli m'tulo," anatero. "N'chifukwa chake imadzuka yotopa."

Ndinakana. Amalume anatenga lamba wakale wa fani ya galimoto amene anali pakhonde. Sindiiwala fungo la labala ndi oyilo, ndiponso nkhope za anansi zitandandalika pampanda. Atandikwapula kokwanira, ndinavomera. Ndinati inde, ndimaikwera. Anandifunsa amene anandiphunzitsa ufitiwo. Ndinatchula amayi anga, poganiza kuti munthu wakufa sangamenyedwe. Anali mlongo weniweni wa amalume, koma iwo sanatsutse.

Anagwirizana zondibweza kumudzi. Lolemba m'mawa ndinakwera kutsogolo ndi kachikwama kanga, ulendo wa kudepoti. Titalowa mu Limbe, galimoto inazima pamphambano, ma minibasi n'kumatiimbira mahutala. Anyamata anatikankhira kuseri kwa mashopu, kumene kunali mkulu wina wokonza zamagetsi a galimoto, Che Amidu, wandevu zoyera ndi kofia kumutu.

Anamvetsera madandaulo onse a amalume osawadula. Kenako anatenga waya wonenepa, mbali ina n'kugwiritsa kubatire, ina kuinjini.

"Tayilizani."

Inalira kamodzi n'kamodzi.

Che Amidu anasuzumira pansi pa injini, n'kumasula kawaya kophwatalala, kolukidwa ngati tsitsi. Kanali kobiriwira ndi dzimbiri, ulusi utangotsala utatu kapena unayi.

"Ethi yatha iyi, bwana," anatero. "Moto ukachoka m'batire umafuna pobwerera. Njira yake ndi imeneyi. Ikawola, galimoto imachita ngati yalodzedwa. Batire yanu yakale ija inalibe mlandu."

Anapala chitsulo mpaka kuwala, n'kumanga waya watsopano kuchokera kuinjini kupita kubodi ya galimoto, wina kuchokera kubatire. Ntchito yonse sinakwane ola. Nyali zinawala, hutala inalira bwinobwino.

Amalume anatenga kawaya kowolako, n'kumakatembenuza m'manja. Kenako anayang'ana miyendo yanga, mmene mizere ya lamba inali isanapole. Ndinaona kuti amvetsa zonse. Ndinadikira kuti anene kuti tibwerere kunyumba.

"Kwera," anatero.

Tinalunjika kudepoti. Pondikweza basi anandigulira fanta ndi banzi, maso ali kumbali.

"Anti ako sangamve zimenezi," ananena motsitsa mawu. "Pita kaye zinthu zizizire."

Sanabwerenso kudzanditenga. Patapita nthawi ndinamva kuti anti anapereka umboni kutchalitchi, kuti tsiku limene mfiti inachoka pakhomo, galimoto inachira. Anthu anawomba m'manja. Amalume anali pomwepo, ndipo akuti anangowerama. Mbiriyo inanditsatira mpaka kumudzi, kumene amayi ena ankakoka ana awo ndikamadutsa pachitsime.

Zaka zambiri ndinkakwiyira anti ndi mneneri uja. Lero ndikuona kuti awo mwina ankakhulupiriradi zimene ankanena. Amene anandipweteka kwambiri ndi munthu amene anagwira choonadi m'manja mwake, n'kuona kuti kunditaya ine kunali kosavuta kuyerekeza ndi kukangana ndi mkazi wake. Ndinaphunzira ndili wamng'ono kuti kupezeka wosalakwa sikubweza munthu pakhomo ngati wodziwayo wasankha kukhala chete.

Tsopano ndimaphunzitsa pasukulu ina ya pulayimale ku Manja. Akandibweretsera mwana n'kunena kuti wavomera kale mlandu, sindifulumira kutenga ndodo. Ndimayamba ndafunsa kuti wavomera atamuchita chiyani.