Dailesi wabwera kudzatenga chipepeso chake

Lachiwiri m'mawa ndikukolopa pakhonde ndinamva "Odi kuno!" Nditadzutsa mutu, mtima unangoti myuu. Pageti panali azimayi atatu a zitenge ndi maduku, wapakati atanyamula beseni.

Aliyense wokulira muno mu komboni ya George amalidziwa beseni limenelo: loyera, la mkombero wabuluu, logumukagumuka m'mbali. Likafika pakhomo pako ndiye kuti mu komboni mwagwa maliro. Umalowa m'nyumba, n'kutuluka ndi unga wophikira nsima, malasha a pambaula, mchere, chilichonse chimene uli nacho.

Ndinaponya chikolopo pansi. "Mayo ine! Nindani futi?"

Wonyamula beseniyo analitula, n'kuyamba kuseka. Anali Dailesi, mnzanga wa paubwana, amene ndinkakanganirana naye malo pamzere wa pampopi.

"Ndine, mwandi," anatero. "Nabwela kutenga chipepeso changa nikali moyo. Nikafa muzabweletsa unga na malasha, si ndiye? Nipaseni manje, nione na maso yanga."

Ndinafuna kumutukwana, koma ndinangopita pageti kuti andifotokozere.

Nkhani yake ndi iyi. Dailesi ali ndi chotupa mu ubongo. Chinayamba ngati mutu wamba, wa m'mawa, wobwera ndi kusanza. Iye ankati ndi utsi wa mbaula, poti amakazinga vitumbuwa pakantemba kake. Kenako diso lakumanzere linayamba kuona chifunga. Tsiku lina anagwa pamsika n'kumaphupha ngati wa khunyu, munthu amene sanadwalepo khunyu chibadwire. Kuchipatala chachikulu anamujambula m'mutu, nachipeza. Madokotala akuti chikhoza kuchotsedwa, koma afunika kumujambulanso ndi kumupima zina opaleshoni isanachitike, ndipo zonsezo n'zolipira. Akachedwa, diso lotsalalo lipita, ndipo pambuyo pa diso mukudziwa chimene chimatsatira.

Tsono iye ndi anzake awiri a kutchalitchi akuyenda khomo ndi khomo. Unga ndi malasha zimene apatsidwa akugulitsa pakantemba, ndalama n'kupita kuchipatala.

Beseni lija linali la mayi ake. Inu achinyamata a masiku ano simunawaone amake Dailesi, ndipo munataya mwayi. Anali mzimayi wamfupi, wa mawu ngati a kondakita wa minibasi ya ku Mandevu. Maliro akagwa, iwo ndiwo ankayamba kumanga chitenge. Sankachonderera ayi. Ankangolitula pakhomo pako kuti khu, n'kuima chete manja ali m'chiuno. Ukati, "Lelo vinthu vavuta," ankayankha kuti, "Naimwe siku yanu ikafika tizakamba kuti vinthu vavuta." Unkalowa m'nyumba wekha kukakokota pansi pa thumba.

Ife ana tinkawatsata pambuyo ngati anapiye. Tinkadziwa kuti madzulo mipando itulutsidwa panja, azibambo asonkha moto wa chitsa, azimayi aimba m'nyumba mpaka mawu kusasa, ndipo mawa lake lole ibwera kudzanyamula komboni yonse kupita nayo kumanda. Panalibe wofunsa kuti womwalirayo ndi wa ku Chipata kapena wa ku Kasama, wa tchalitchi chiti, kapena ngati ankapereka moni. Maliro n'kulirana. Tinali amphawi kuposa lero, nyumba za zidina zosawotcha, madenga otsindikizidwa ndi miyala, koma palibe munthu anaikidwa m'manda olira ake ali ndi njala. Masiku amenewo ndimawasowa kwambiri, sindibisa.

Koma pali chinthu chimodzi cha masiku amenewo chimene chimandiwawabe.

Ndinali ndi mkulu wanga dzina lake Tisa. Ndiye ankandiluka tsitsi Loweruka, atandipanikiza mutu pakati pa mawondo, ndikasuntha n'kundigogoda ndi chipeso. Anali ndi kuseka kwina kwake komveka mpaka kumsewu. Atangoyamba ntchito yosoka m'tauni, mutu unamuyamba. Ankamanga duku molimba mpaka m'maso kutupa. Tinamugulira mapilisi a pakantemba. Achibale anamutema mphini m'mbali mwa mutu, nati anzake a kuntchito amuchitira nsanje. Anayamba kugunda zitseko poyenda, kapu n'kumamupulumuka m'dzanja. Kuchipatala chachikulu sanafikeko, poti ndalama ya ulendo ndi ya mapimidwe panalibe, ndipo panalibenso wotiuza kuti mutu wotere ndi wothamangira nawo kumeneko. Chimene chinamupha sindichidziwa mpaka lero. Koma Dailesi atandifotokozera zake, ndinamva ngati akundiwerengera za Tisa.

Tsiku limene Tisa anamwalira, amake Dailesi anabwera ndi beseni lodzaza, nabwerera, nabweranso nalo lodzaza. Unga unatsala mpaka maliro atatha. Mayi anga anayang'ana matumba aja pakona n'kunena motsitsa kuti, "Vonse ivi vinali kuti pamene mwana wanga anali kudwala?" Mayi sankanyoza munthu. Anthu aja anatikonda m'njira yokhayo imene ankaidziwa.

Funso la mayi angalo ndi limene ndikukufunsani inu lero. N'chifukwa chiyani dzanja lathu limatambasuka munthu akazizira? Wodwala timamuyendera ndi "muzapola chabe" ndi kabotolo ka maheu. Akatsikira kuli chete, pamenepo ndiye tenti, mabasi, bokosi lonyezimira, zitenge zofanana, mpaka malaya osindikiza nkhope yake. Kodi bokosi linachiritsapo ndani?

Si onse akondwera ndi zimene Dailesi akuchita. Tili chiimire pageti paja, a Zulu, aneba anga opuma pantchito ya ulonda, anasuzumira pampanda.

"Imwe amai, ivi ni malodza," anatero. "Beseni ya malilo siyendela munthu wamoyo. Mukuziitanila imfa mweka."

"Ba Zulu," anayankha Dailesi, "imfa inabwela kale, ili mu mutu muno, sinaiitane. Manje nifuna ndalama yoipitikisila."

A Zulu anang'ung'udza, nalowa m'nyumba. Ndinkati basi akwiya. Posakhalitsa mdzukulu wawo wamkazi anatuluka ndi kapulasitiki ka malasha.

Sindikuwaseka a Zulu. Mantha awo ndi anga omwe. Inenso ndinaponya chikolopo pansi nditaona beseni lija m'manja mwa mwini maliro. Koma mwambo unapangidwira anthu. Amake Dailesi akanadzuka lero n'kupeza mwana wawo akuchita khungu beseni lili pansi pa bedi likudikira kuti afe, ndikhulupirireni, komboni yonse ikanamva mawu awo.

Ndipo Dailesi sakungotenga n'kupita. Pakhomo lililonse amaima n'kufotokoza. Mutu wosamva mapilisi, wokudzutsa m'mawa ndi kusanza. Maso oyamba chifunga kapena kuona zinthu ziwiriziwiri. Dzanja kapena mwendo wofooka mbali imodzi. Munthu wamkulu kuyamba kugwa ngati wa khunyu. "Mukaona ivo, ku chipatala," amatero. "Kupemphela pemphelani, naine nipemphela, koma pemphelani muli mu basi." Sikuti mutu uliwonse ndi chotupa, iyenso amanena zimenezo. Koma wodziwa kusiyanitsa ndi dokotala, osati wa pakantemba, osati aneba.

Pali china chimene chadabwitsa anthu kuposa beseni. Madokotala anamupempha kuti akachichotsa chotupacho achisunge, achipime, aphunzirepo pamodzi ndi za odwala ena, poti zambiri za matendawa sizinadziwikebe, makamaka pa ife anthu a kuno. Iye anavomera. Mukudziwa mmene timachitira mu komboni tikamva zoti chipatala chisunga kanthu ka m'thupi la munthu: manong'onong'o a zausatana ayamba kale pakiyosiki ya madzi. Dailesi akuti, "Chinthu chanidya zaka zonse izi mahala. Nacho chisebenzeko, chigwileko nchito." Ine ndikuti wachita bwino. Akanakhalapo wina amene anavomera zotere kalekale, n'kupezekanso wina wodzatiuza ife pakhomo, mwina Tisa bwenzi lero ali ndi adzukulu.

Kafukufuku wotereyu amafuna ndalama, ndipo tikamva mawu amenewo timaganiza za azungu ndi anthu a ku mayadi othamanga m'misewu atavala malaya ofanana posonkhetsa ndalama. Ife tilibe nsapato zothamangira. Koma luso losonkha tili nalo kuposa wina aliyense, tinabadwa nalo, timangoligwiritsa ntchito mochedwa. Dailesi akuti akachira beseni silipuma. Liziyendera ena amene anawaona pabenchi kuchipatala, ndipo kagawo kena kazipita kwa ophunzira za matendawa. Akuti "akachira" ngati munthu wonena za kaulendo kapafupi ka ku Kalingalinga. Ine ndikamva mawuwo ndimachita mantha.

Lachiwiri lija ndinalowa m'nyumba, n'kuthira unga umene ndikanapereka pamaliro ake, n'kuwonjezera wina wa Tisa. Beseni linadzaza. Dailesi anawerama kuti alinyamule, koma dzanja lakumanzere linamukanika, unga pang'ono n'kutayikira pansi. Anaseka, koma ndinamuona akupukuta diso ndi nsonga ya duku.

"Choka apo iwe," ndinatero. "Kuyambila ku pompi sunaziwe kunyamula vinthu."

Ndinamanga chitenge, n'kulisenza ine. Zaka zonsezi ndakhala ndikuthiramo, koma ndinali ndisanalinyamulepo. N'lolemera.

Nyumba yachitatu kuchokera kwanga, mzimayi wina wachitsikana anali kuchapa matewera. Atationa anaimirira, thovu lili m'manja, nagwira pamtima.

"Mayo! Nindani wamwalila?"

"Palibe," ndinamuyankha, Dailesi ataima pambali panga. "Ndiye chifukwa tabwela."

Beseni likubwera kwanuko sabata ino. Mudzathiramo iye akuona, kapena mudikira kuti lidzabwerenso iye palibe?