Tsiku Limene Ababa Anaima Chadodolido

Ndikukumbukira chaka chimene ndinakwanitsa zaka khumi ndi ziwiri, tikukhala kunja kwa Malawi, ku komboni ya Lwendulu m'tauni ya Hwange, ikutchedwabe Wankie. Ababa ankagwira ntchito pansi, mu mgodi wa malasha, ndipo anali mkulu wa mpingo kutchalitchi kwathu kwa Amalawi. Amayi ankachapa ndi kusita kwa dona wina wachizungu. Ine Esinati ndinali wachisamba, wodziwa Chingerezi kuposa onse m'nyumbamo, ndipo matama ake osanena.

Loweruka lina ndinapita kukathandiza amayi kuchapa. Ndinapeza dona uja pakhonde, mutu pansi miyendo m'mwamba, phee ngati mtondo wouzondotsa. Pambali pake panali kabuku ka zithunzi, ka masewera otchedwa yoga. Atalowa kukasamba, ndinakatola n'kukabisa m'diresi. Ndinaba, palibe mawu ena.

M'kabukumo analembamo kuti kuima ndi mutu ndiponso kusunga mpweya kumatsuka chifuwa. Patsamba loyamba penipeni panali chenjezo lakuti munthu asayese popanda mphunzitsi, makamaka wodwala kapena wamkulu msinkhu. Ndinawerenga bwinobwino, n'kutembenuza tsamba. Paja ndadziwakale adamanga nyumba yopanda khomo.

Ababa anali ndi chifuwa cha fumbi la mgodi. Akatsokomola, makhololo ankatuluka akuda bii. Ndinawanyengerera sabata yathunthu, n'kuwanamiza kuti kabukuko dona wachita kundipatsa.

"Iwe mwana, ine munthu wamkulu ndiime ngati mleme?" anatero akuseka. Koma ankandikonda, ndipo ankanyadira sukulu yanga. Anavomera.

Linali Lamulungu m'mawa, amayi atatsogola kukasesa kutchalitchi. Ababa anavula malaya chifukwa ankawagwera kumaso, n'kutsala ndi kabudula yekha. Ndinawaikira thumba pansi, n'kuwakankha miyendo mpaka inatsamira khoma. Ndinawauza kuti asapume mpaka nditawerenga makumi atatu. Nkhope inatupa, maso anafiira psuu, mitsempha ya pakhosi inaima. Ine n'kumangowerenga, kunyada ngati sisitala wa kuchipatala.

Pomwepo aNambewe, oyandikana nawo nyumba, anati odi n'kulowa osadikira, kudzapempha makala a moto oti asitire. Anaima pakhomo kukamwa kuli yasa. Chifuwa chinawabwerera ababa ali chadodolido chomwecho, anatsokomola, manja anaphonya, thupi lonse linagwera pakhosi. Ndinamva kuti khotyo. ANambewe anataya chiphale chawo n'kuthawa.

Kwathu aliyense amadziwa yemwe amaima mutu pansi ali wosavala. Ndipo mwezi umodzi m'mbuyomo aNambewe anali ataika mwana wawo, amene anamwalira ndi chikuku. Pofika masana, kumpopi, kumsika, mpaka kwa anthu a njanji ku Thomson Junction, nkhani inali imodzi: mkulu wa mpingo uja ndi mfiti.

Ababa atabwera kuchipatala khosi lili lomangidwa, anafunsa amayi za kabuku kaja. Amayi anati dona wakhala akukafunafuna, ndipo akukayikira antchito. Ababa anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anakaponya pambaula, kuti amayi asachotsedwe ntchito. Umboni wokhawo umene ukanawapulumutsa unapsa ine ndikuona.

Patapita sabata ziwiri akulu a mpingo anakhala pansi. Ababa anafotokoza kuti anali masewera ochiza chifuwa. Wina anaseka. Anawafunsa amene anawaphunzitsa, ababa anakana kumutchula. Ndiye anandiitana ine, poti aNambewe anali atanena kuti mwana analipo.

Ndikuchionabe chipinda chija, fungo la polishi wa pansi, azibambo asanu ndi awiri ovala majekete m'kutentha kwa Wankie, abusa ali pakati.

"Mwanawe, usaope," anatero abusa. "Bambo ako ankachita chiyani?"

Mawu anali pakamwa penipeni. Ndikanangoti ndine ndinawauza, ndine ndinawakankha miyendo. Koma ndinaganiza za funso lotsatira, lakuti ndinazidziwa kuti, ndi dzina lakuti wakuba, ndi anzanga akusukulu akundiloza. Sindinaganize za amayi ngati mmene anachitira ababa. Ndinaganiza za ine ndekha.

"Sindikudziwa," ndinatero. "Ndinangowapeza ali choncho."

Ababa anatsinzina. Sananditsutse.

Anawatsitsa pa ukulu wa mpingo tsiku lomwelo. Iwo sanasiye kupemphera, ankakhala benchi la kumbuyo, ndipo benchilo linkakhala lawo okha. Amayi akaphika thobwa pa Khirisimasi n'kupita nalo kutchalitchi, ankabwerera nalo osamwedwa. Kumgodi anawasamutsira ku ntchito yosesa pamwamba, poti khosi silinachire. Sanandimenye, sananditukwane, nkhaniyo sanaitchulenso mpaka kufa. Bola akanandikwapula, ndikanalira n'kuiwala.

Khosilo linauma moti sankatha kucheuka. Ndikawaitana ndili kumbuyo, ankatembenuka thupi lonse, pang'onopang'ono, kuti andione, n'kuyankha kuti, "Ee, mayi wanga." Zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi ankatembenuka choncho.

Ndinadzaulula pamaliro awo, pamaso pa anthu. Mwa akulu asanu ndi awiri aja anali atatsala awiri, wina wosamva. ANambewe anali atabwerera ku Malawi kalekale. Anthu anangoti pepani, n'kupitiriza nyimbo.

Lero adzukulu anga amaonera masewera omwewo pafoni, amapinda miyendo pakapeti, akundiyankha m'Chindebele ndikawalankhula. Sindiwaletsa. Ndimangowauza kuti thupi la munthu si loyeserapo nzeru zowerenga theka, apeze wodziwa awaphunzitse. Zimenezo n'zosavuta kunena. Chimene ndachimvetsa mochedwa n'chakuti kugwa kuja kunangowapweteka khosi, ndipo ndinali mwana, ndingadzikhululukire. Koma dzina lawo ndinalipha ndi mawu amodzi, ndili maso, iwo atakhala pomwepo akunditeteza.