Mvula ya M'chitini

Abale anga owerenga, sabata ino ati ndalakwa. Akutero akazi anga, akutero mdzukulu wanga, ngakhale mbuzi zikundiyang'ana cham'mbali. Koma imvani kaye, muweruze nokha.

Mdzukulu wangayo ndi Wilisoni, mwana wa Esinati, mwana wanga woyamba. Ali m'chaka chomaliza ku sekondale ku Zomba, ndevu zayamba kale. M'mudzi muno palibe wina anafikako. Pa msika wa Migowi aliyense akudziwa zimenezi, chifukwa ndinawauza ndekha ndi mawu angawa, amene amamveka mpaka kuseri kwa phiri la Michesi.

Wabwera ku tchuthi ndi phunziro lotchedwa jogalafe. Ati ndi la mapiri, mitsinje ndi mvula. Ndinati, "Iwe, zimenezo n'zophunzitsa munthu? Ine phiri ndimaliona ndikangotsegula chitseko."

Iye anangozika mtengo pakati pa bwalo, pamwamba pake n'kuikapo chitini. M'mawa uliwonse amaviikamo kandodo ka mizeremizere, n'kulemba m'buku. Ati aphunzitsi analamula kuti aliyense ayeze mvula ya kwawo tchuthi chonse, ndipo wobwera ndi buku labodza asayembekeze kulemba nawo mayeso aakulu.

Tsiku lina inagwa yamphamvu, denga mpaka kudonthera pa mphasa yanga. Kutacha ndinakasuzumira m'chitinimo. Timadzi take! Mwanapiye sangakhute.

"Bukuli akawerenga ndani?" ndinafunsa.

"Aphunzitsi, anganga, kalasi yonse ikumva. Muli anzanga a ku Mulanje ndi kwina."

A ku Mulanje! Anthu aja amene amatiseka kale kuti ife a kuseri kwa phiri timangolandira makombo a mvula yawo? Ndiye mdzukulu wanga akaimirire pamaso pawo ndi madzi osakwana kusambitsa ntchentche? Ine ndili moyo?

M'mamawa mwake, mnyamata asanadzuke, ndinatunga pang'ono mumtsuko n'kuthiramo. Pang'ono basi, kungothandiza dziko langa. Mawa lake theka la chikho. Mkuja wake chikho chonse. Paja akuluakulu anati chakomachakoma pusi anagwa chagada.

Wilisoni ankadabwa. "Anganga, kodi usiku inagwa?"

"Iwe umagona ngati chipika. Inagwa."

Iye n'kulemba, ine mtima mbee.

Lachinayi lapitali ndi limene linandigulitsa. Dzuwa linali litaswa mtengo masiku atatu, ndipo mumtsuko munali mouma, akazi anga asanapite kuchitsime. Ndinangotunga pa chithaphwi cha kuseri kwa khola. Maso okalambawa sanaone kanthu.

Posachedwa ndinamva, "Anganga, tabwerani muone."

M'chitini munali mbululu ziwiri, zikusambira ngati n'kwawo.

Ndinakweza mawu, poti ndiwo mankhwala anga. "Ndaona! Mvula ya ku Phalombe si yamasewera, imagwa ndi zamoyo zomwe!"

Akazi anga anatula mtsuko pansi. "Inu abambo a Esinati, n'chifukwa chake chikho changa chomwera chikununkha ndowe? Ine ndimati ndi agalu."

Wilisoni sanaseke. Anakhala pansi, buku pamaondo, manja kumutu. "Masabata awiri, anganga. Ndalemba kuti pabwalo pano pagwa mvula yoposa ya pamwamba pa phiri. Ndikanapita nalo, akanati ndapeka ndili gone pamphasa. Zaka zonsezi zikanathera pa mbululu."



Akazi anga ndiwo anaweruza. Ati ndilembe kalata kwa aphunzitsi, ndi dzanja langa, kuti akaone kuti si mwana walemba. Inanditengera tsiku lathunthu, pensulo kunyambita mpaka lilime bii. Ndinalemba kuti: "Aphunzitsi, madzi a masabata awiri oyamba ndi anga. Mwana alibe mlandu. A masiku otsalawa ndi a Mulungu. Koma mudziwe kuti chitini chanucho n'chaching'ono pakamwa, mvula yambiri imagwera pambali."

Wilisoni anawerenga, anaseka mpaka misozi, n'kuipinda bwinobwino m'buku. Ati aphunzitsi akhulupirira, chifukwa palibe mwana wa sukulu angalembe zilembo zoyenda ngati nkhanu chotere. Chitini tsopano chili ndi mlonda. Akazi anga amasinjira pafupi, munsi m'manja, ndipo ine ndikamapita kukhola ndimazungulira kutali.

Ndavomera, ndinalakwa. Koma tiyeni tikambe zoona, abale. Wosathira madzi m'chitini ndani kuno?

Mlangizi wa zaulimi akamabwera, si ife timakonza mizere ya m'mphepete mwa msewu yokha, kumtunda kuli thengo? Woyendera sukulu akamveka kuti ali m'njira, ana amachoka kuti odzaza mabenchi aja, ena akuyamwa chala? Apongozi akabwera kudzacheza, mpando umachoka kwa anansi, mbale kwa aphunzitsi a tchalitchi, nkhuku kwa mlamu. Akamapita amati, "Mwana wathu anakwatiwa pabwino." Mawa lake nonse mwabwerera pansi.

Ndiye akabwera akuluakulu n'kupeza zonse zili bwino, tikadandaule kuti satithandiza? Athandize chiyani, poti tawaonetsa tokha chitini chodzaza?

Jogalafe ameneyu ndamuopa. Ndinkayesa ndi nkhani ya mapiri, osadziwa kuti amaphunzitsa mwana kulemba zochepa zikakhala zochepa, ngakhale a ku Mulanje aseke. Ine zimenezo sindinaphunzire, ndipo pa msinkhu uno ndikukayika.

Koma inu amene mukundiseka mpaka kugwira nthiti, tandiuzani: jekete lija munavala pokafunsira mbeta linali la yani?